Kodi Chamoyo N'chiyani? Funso Limene Bayoloje Sinalimalizebe

Funsolo ndi lotani

Mawu akuti moyo ali ndi ntchito zambiri m'Chichewa. Wodwala akapulumuka timati ali moyo. Munthu wakaduka timati ali ndi moyo woipa. Zinthu zikakwera mtengo timati moyo wavuta. Bayoloje, lomwe ndi phunziro la zinthu zamoyo, imasankhapo tanthauzo limodzi lokha n'kusiya enawo. Imafunsa kuti n'chiyani chimasiyanitsa mbuzi ndi mwala umene yagonapo, kapena njere ya mapira ndi kamwala kofanana nayo kukula.

Funsoli limaoneka lachibwana chifukwa ngakhale mwana amaliyankha ndi maso. Chovuta ndi kulemba yankholo m'mawu oti asalowetse chopanda moyo, komanso asasiye kunja chamoyo chilichonse. Mabuku oyambira bayoloje kukoleji amalambalala vutoli popereka mndandanda wa zizindikiro. Amati chamoyo chimapangidwa ndi maselo, chimatenga mphamvu kunja n'kuigwiritsa ntchito, chimamva zochitika pafupi nacho n'kuchitapo kanthu, chimasunga m'kati mwake mokhazikika, chimakula, chimabereka, ndipo mtundu wake umasintha mibadwo ikamapita.

Mndandandawu uli ngati dengu: chimanga umanyamula, koma madzi amadontha. Moto wolusa m'tchire umadya udzu, umafuna okosijeni, umakula, umatsata mphepo, ndipo mbaliwali zake zimabala moto wina patsogolo. Komabe palibe amene amauphunzira mu bayoloje. Nyulu, yobadwa kwa bulu ndi hatchi, pafupifupi nthawi zonse sibereka, koma ndi yamoyo ndithu. Njere ya kanjedza imene inafukulidwa ku Masada, ku Israel, inakhala zaka pafupifupi 2,000 osadya, osakula, osasuntha. Itabzalidwa mu 2005 inamera. Chizindikiro chilichonse pamndandandawo chili ndi chake chochitsutsa, ndipo ndi chifukwa chake funsoli likadali lotseguka.

Mayankho akale ndi mmene anagwera

Aristotle, amene anakhala ku Greece m'zaka za m'ma 300 BC, ankaphunzitsa kuti chamoyo chili ndi china chake chochiyendetsa. Zomera zili ndi choziyendetsa pa kudya ndi kubereka, nyama zimawonjezera kumva ndi kuyenda, ndipo munthu amawonjezera kuganiza. Ankanenanso kuti tizilombo tina timangobadwa tokha kuchokera m'matope ndi m'zinthu zowola. Maganizo awiriwa, akuti moyo ndi mphamvu yapadera komanso akuti umatha kungobuka, anakhala zaka pafupifupi 2,000.

Amene ankawakhulupirira sanali opusa, ankangotsata maso. Chimanga chimalowa m'thumba chili choyera, thumba n'kusokedwa. Pakapita miyezi itatu, mukamasula mumapeza anankafumbwe ndi ufa pansi. Maso amati chimanga chabala tizilombo. Zimene maso sanaone ndi izi: nankafumbwe wamkazi amaboola kabowo panjere, nthawi zambiri chimanga chikadali m'munda, n'kuikiramo dzira limodzi, kenaka n'kumata kabowoko. Kamphutsi kamaswa m'kati, kamadya m'kati, kamasanduka m'kati momwemo. Chimene chimatuluka patapita milungu ingapo chinalowa kalekale chili dzira.

Francesco Redi, dokotala wa ku Italy, anayesa nkhani yangati imeneyi mu 1668. Anaika nyama m'mabotolo, ena osatseka, ena ophimba ndi kansalu kopyapyala. Mphutsi zinaoneka panyama imene ntchentche zinatera basi. Koma mkangano sunathe, chifukwa m'zaka za m'ma 1670 Antonie van Leeuwenhoek, wogulitsa nsalu ku Delft, anayamba kuona ndi magalasi ake tinthu tosawerengeka tikusambira m'dontho la madzi. Anthu anati mphutsi mwina zimafuna ntchentche, koma tinthu iti timangobuka.

Louis Pasteur ndiye anatseka nkhaniyi cha m'ma 1860. Anawiritsa msuzi m'botolo la khosi lalitali lopindika ngati chilembo cha S. Mpweya unkalowa, koma fumbi linkakodwa m'khosimo. Msuzi sunasase. Atathyola khosilo, unasasa m'masiku ochepa. Pamenepa ndi pamene patsamira kuwiritsa madzi akumwa, kuphika zida za opaleshoni ndi kutenthetsa mkaka usanagulitsidwe: chimene chaphedwa sichibwerera chokha ngati china sichinalowe.

Ganizo lachiwiri, la mphamvu yapadera ya moyo, linafa pang'onopang'ono. Mu 1828 Friedrich Wöhler anapanga urea, chinthu chopezeka m'mkodzo, kuchokera ku makemikolo wamba popanda impso. Mabuku ambiri amakamba ngati ganizolo linathera pomwepo, koma kumeneko n'kukokomeza. Pasteur mwiniwakeyo, patapita zaka makumi atatu, ankaumirirabe kuti mowa sungawire popanda selo lamoyo la yisiti. Mu 1897 Eduard Buchner anapera yisiti pamodzi ndi mchenga mpaka maselo onse kuphwanyika, n'kufinya madzi ake. Madziwo, opanda selo lamoyo ndi limodzi lomwe, anasandutsabe shuga kukhala mowa. Ntchitoyo inkagwiridwa ndi maenzaimu, omwe ndi mapuloteni ofulumizitsa kusintha kwa makemikolo. Mayi wothira chimera m'phala la thobwa amagwiritsanso ntchito maenzaimu: mbewu yomera imapanga enzaimu yodula sitachi kukhala shuga, n'chifukwa chake phala lolimba limasungunuka n'kuyamba kutsekemera.

Kuchokera pamenepo bayoloje inasiya kufunafuna chinthu chobisika chotchedwa moyo. Inayamba kufunsa za kayalidwe ndi kayendedwe ka zinthu wamba monga kaboni, haidrojeni, okosijeni, naitrojeni, fosifolasi ndi salufa.

Selo

Robert Hooke, mu 1665, anayang'ana kachidutswa ka khungwa la mtengo pa maikulosikopu n'kuona timabokosi tondandalikana ngati tizipinda. Dzina lakuti selo linachokera pamenepo. Panapita zaka zoposa 170 kuti Matthias Schleiden mu 1838 ndi Theodor Schwann mu 1839 anene kuti zomera zonse ndi nyama zonse zimamangidwa ndi maselo. Robert Remak anaona maselo akugawikana, ndipo Rudolf Virchow mu 1855 anafalitsa mfundo yakuti selo lililonse limachokera ku selo linzake.

Kufunika kwa selo kuli pa mpanda wake. Selo lililonse lazunguliridwa ndi kachikopa kopyapyala ka mafuta kamene kamasankha cholowa ndi chotuluka. Chifukwa cha mpandawu, m'kati mumatha kusiyana ndi kunja. Maselo a munthu amasunga potaziyamu wambiri m'kati ndi kukankhira sodiyamu kunja, ndipo kusiyana kumeneku ndi kumene mitsempha imagwiritsa ntchito potumiza uthenga. Moto ulibe mpanda wotere. Ulibe m'kati ndi kunja.

Maselo alipo a mitundu iwiri ikuluikulu. Ena, monga a mabakiteriya, alibe nyukiliyasi. Ena, monga a zomera, nyama, bowa ndi kachilombo ka malungo, amasunga DNA yawo, yomwe imanyamula malangizo a selo, m'nyukiliyasi ndipo ali ndi tizigawo tambiri m'kati. Mu 1977 Carl Woese anapeza kuti tina mwa tinthu topanda nyukiliyasi, timene aliyense ankatiyesa mabakiteriya, ndi gulu lina lapalokha, lotchedwa archaea. Kuyerekeza DNA kunagwetsanso zina zimene maso ankanena. Bowa amamera pansi ngati chomera, koma ubale wake uli pafupi ndi nyama kuposa ndi chimanga.

Mphamvu: chifukwa chimene chamoyo sichipumira

Nyumba ya dothi yosazira imang'ambika n'kugwa. Chilichonse chokonzedwa bwino chimasokonekera chikasiyidwa chokha, ndipo limeneli ndi lamulo la fizikisi, osati mwambi chabe. Erwin Schrödinger, katswiri wa fizikisi, anatsindika m'buku lake la mu 1944 kuti chamoyo chimakhalabe chokonzeka chifukwa chimalandira mphamvu kunja mosalekeza n'kutaya kutentha ndi zinyalala. Sichiphwanya lamulo lija. Chimangolipira tsiku ndi tsiku.

Pafupifupi mphamvu yonseyo imayambira kudzuwa. Tsamba lobiriwira limatenga kaboni dayokisaidi mumpweya ndi madzi m'nthaka, n'kupanga shuga pogwiritsa ntchito kuwala, ndipo okosijeni amatuluka ngati chotsalira. Anthu ambiri amaganiza kuti chomera chimadya dothi. Jan Baptist van Helmont, m'zaka za m'ma 1600, anabzala kamtengo mumphika wa dothi limene analiyeza kulemera. Patapita zaka zisanu mtengowo unali utawonjezera makilogalamu oposa 70, koma dothi linangochepa ndi magalamu osakwana 100. Iye anati zonse zachokera kumadzi, ndipo analondola theka lokha. Gawo lalikulu la phesi louma ndi njere za chimanga linachokera mumpweya. Feteleza ndi wofunika chifukwa amapereka naitrojeni, fosifolasi ndi potaziyamu, koma si iye amene amadzaza ngolo.

Selo limawotcha shuga uja pang'onopang'ono, kudzera m'masitepe ambiri oyendetsedwa ndi maenzaimu, n'kusunga mphamvuyo mu kemikolo yotchedwa ATP. M'maselo a nyukiliyasi, mbali yaikulu ya ntchitoyi imachitikira m'tizigawo totchedwa mitochondria. Chinangwa chowawa chimaphunzitsa bwino zimene zimachitika ntchitoyi ikaima. Chikaphwanyidwa chimatulutsa cyanide, poizoni amene amagwira enzaimu yomalizira mu mitochondria, imene imapereka zotsalira kwa okosijeni. Magazi amakhala odzaza okosijeni, koma maselo sangathe kumugwiritsa ntchito. Palibe chimene chachotsedwa m'thupi, chimene chaima ndi kayendedwe. N'chifukwa chake wokonza kondowole amaviika chinangwa m'madzi masiku angapo ndi kuchiyanika: poizoniyo amasungunuka n'kuuluka. Matumba osalowa mpweya osungira chimanga amagwira ntchito potsata mfundo yomweyi kuchokera mbali ina. Anankafumbwe otsekeredwa amamaliza okha okosijeni wa m'thumbamo, n'kusiya kudya ndi kuswana.

Chamoyo chimasunganso m'kati mwake pamlingo umodzi ngakhale kunja kukusintha. Claude Bernard anafotokoza zimenezi m'zaka za m'ma 1800, ndipo Walter Cannon anazipatsa dzina lakuti homeostasis mu 1926. Thupi la munthu limakhala pafupi ndi madigiri 37, kaya ndi ku Nsanje mu Okutobala kapena ku Dedza mu Juni. Likatentha limatulutsa thukuta, likazizidwa limanjenjemera. Shuga akachuluka m'magazi, kapamba amatulutsa insulin, shugayo n'kutsika. Matenda ambiri ndi kulephera kwa kubweza kotereku.

Malangizo opatsirana

Gregor Mendel, wansembe wa ku Brno, anakwatitsa nsawawa zosiyanasiyana kwa zaka zisanu ndi zitatu n'kusindikiza zimene anapeza mu 1866. Anaona kuti makhalidwe a makolo sasakanikirana ngati utoto. Atakwatitsa mbewu yaitali ndi yaifupi, ana onse anali aatali, koma mwa adzukulu ufupi unabwereranso, pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse. Khalidwelo linabisala, silinathe. Ntchito yake inanyalanyazidwa mpaka mu 1900.

Mlimi amene amabzala chimanga cha haibulidi chaka chino, n'kusunga mbewu yake kuti abzale chaka chamawa, amakumana ndi Mendel m'munda mwake. Mbewu yogula ija ndi mwana woyamba wa makolo awiri osiyana, choncho mapesi onse amafanana. M'mbadwo wachiwiri makhalidwe amabalalika: ena aatali, ena aafupi, zokolola n'kutsika. Palibe amene waiwononga mbewuyo. Umo ndi mmene makhalidwe amagawikira.

Timagawo tonyamula makhalidwewa timatchedwa majini. Dzinali limasokoneza chifukwa likufanana ndi la majini ogwira anthu, koma ziwirizi sizikhudzana m'pang'ono pomwe. Mu 1944 Oswald Avery ndi anzake anaonetsa kuti majini amapangidwa ndi DNA. Mu 1953 James Watson ndi Francis Crick, pogwiritsa ntchito zithunzi ndi miyezo ya Rosalind Franklin ndi Maurice Wilkins, anafotokoza maumbidwe ake: zingwe ziwiri zopotana, zokhala ndi zilembo zinayi, A, T, G ndi C. A amagwirana ndi T, G amagwirana ndi C. Zingwezo zikalekanitsidwa, chilichonse chimauza selo mmene chinzake chiyenera kukhalira, ndipo kukopera kumatheka motero. Zilembo zitatu zotsatizana zimaimira njerwa imodzi mwa njerwa 20 zomangira mapuloteni. DNA ya munthu ili ndi zilembo pafupifupi 3 biliyoni ndi majini opanga mapuloteni pafupifupi 20,000.

Chilembo chimodzi chimatha kusintha moyo wa munthu. Matenda a sickle cell amayamba chifukwa cha chilembo chimodzi chosinthika mu jini ya hemoglobin, puloteni yonyamula okosijeni m'magazi. Wolandira jini yotereyi kwa makolo onse awiri amadwala. Wolandira kwa kholo limodzi nthawi zambiri sadwala, ndipo amatetezeka ku malungo aakulu, monga Anthony Allison anaonetsera ku East Africa mu 1954. Ichi n'chifukwa chake jiniyo ndi yofala kumene malungo ali ofala.

Chodabwitsa kwambiri n'chakuti kawerengedwe ka zilembo zitatuzitatu kaja ndi kamodzi, kupatula kusiyana kwakung'ono apa ndi apo, mwa bakiteriya, chimanga, ng'ona ndi munthu. Jini ya insulin ya munthu ikaikidwa mwa bakiteriya, bakiteriyayo amaiwerenga n'kupanga insulin ya munthu. Odwala shuga akhala akubaya insulin yopangidwa motero kuyambira mu 1982. Umenewu ndi umboni wamphamvu wakuti zamoyo zonse zodziwika ndi banja limodzi.

Kusinthika kwa mitundu

Charles Darwin ndi Alfred Russel Wallace anapereka ganizo lawo mu 1858, ndipo buku la Darwin linatuluka mu 1859. Kayendedwe kake n'kosavuta kukamva. Ana a mtundu umodzi amasiyana. Kusiyana kwina amapatsira ana awo. Obadwa amachuluka kuposa amene angakule n'kubereka. Choncho khalidwe lothandiza pamalo amenewo limachuluka m'mibadwo yotsatira, popanda wina wolisankha mwadala.

Malawi ili ndi chitsanzo chodziwika padziko lonse. Chloroquine anali mankhwala a malungo odalirika kwa zaka zambiri. Tizilombo tochepa tinali ndi kusintha mu jini yotchedwa pfcrt, kumene kunatithandiza kutulutsa mankhwalawo pamalo amene amagwirira ntchito. Munthu aliyense womwa chloroquine ankapha tizilombo tinato n'kusiya tolimbato, mpaka tinadzaza dziko. Mu 1993 Malawi inakhala dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine n'kuyamba SP, amene ambiri ankamudziwa kuti Fansidar. Chotsatira chake chinadabwitsa ofufuza. Ku Blantyre tizilombo tosamva chloroquine tinayamba kuchepa chaka ndi chaka, ndipo kafukufuku wosindikizidwa mu 2006 anapeza kuti chloroquine anachiza pafupifupi ana onse amene anapatsidwa. Kusintha kuja kunali ndi mtengo wake: mankhwala atachoka, tizilombo tokhala nako tinkagonja kwa tinzake. Dziwani kuti palibe kachilombo kamene kanaphunzira kapena kuiwala kalikonse. Chimene chinasintha ndi chiwerengero cha mtundu uwu poyerekeza ndi uwo.

Nyanja ya Malawi ili ndi chitsanzo cha nthawi yaitali. Muli mitundu yoposa 500 ya nsomba za banja la cichlid zimene sizipezeka kwina kulikonse. Mbuna zimapala ndere pamiyala, utaka umadya tinthu toyandama pakati pa nyanja, ncheni zimasaka nsomba zinzake. DNA imaonetsa kuti zonsezi n'zapachibale chapafupi kwambiri, ndipo zinagawikana posachedwa tikayerekeza ndi msinkhu wa dziko. Chambo nachonso ndi cichlid, koma cha nthambi ina. Kufunika kwa nsombazi pa phunziro la kusinthika ndi chimodzi mwa zifukwa zimene UNESCO inaikira Lake Malawi National Park pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984.

Pano m'pofunika kulekanitsa zodziwika ndi zotsutsidwa. Akatswiri a bayoloje satsutsana zakuti mitundu imasintha kapena kuti ili pachibale. Amatsutsana za liwiro lake, za mmene mtundu umodzi umagawikira pawiri m'nyanja imodzi yopanda khoma, komanso za kuchuluka kwa kusintha kumene kumafala mwamwayi chabe, monga Motoo Kimura ananenera mu 1968. Sanenanso kuti munthu anabadwa kwa nyani wa lero. Amati munthu ndi chimpanzi ali ndi kholo limodzi limene linakhalako zaka 6 kapena 7 miliyoni zapitazo. Funso lakuti moyo uli ndi cholinga kapena Mlengi silingayezedwe pa maikulosikopu, ndipo akatswiri a bayoloje alipo opemphera ndi osapemphera.

Maganizo akuluakulu pa tanthauzo la moyo

Gulu loyamba limaika patsogolo kudzisamala. Kwa iwo chamoyo ndi chimene chimadzimanga ndi kudzikonza chokha m'kati mwa mpanda umene chadzipangira. Humberto Maturana ndi Francisco Varela a ku Chile ndi amene anatchuka ndi ganizoli m'zaka za m'ma 1970. Pa muyezo umenewu nyulu ndi yamoyo popanda vuto, koma njere youma ya ku Masada ija imavuta, chifukwa sinkachita kalikonse.

Gulu lachiwiri limaika patsogolo kukopera ndi kusinthika. Tanthauzo limene bungwe la NASA lakhala likugwiritsa ntchito kuyambira m'zaka za m'ma 1990 limaphatikiza ganizoli ndi la gulu loyamba lija: makemikolo ogwirizana amene amadzichirikiza okha ndipo amatha kusinthika m'njira imene Darwin anafotokoza. Moto umagwa pamayeso amenewa, chifukwa moto wa chaka chino sulandira chilichonse kwa moto wa chaka chatha. Chofooka chake n'chakuti chimene chimasinthika ndi mtundu, osati nyama imodzi. Tanthauzoli limafotokoza khola lonse bwino kuposa mbuzi imodzi.

Gulu lachitatu limati nthawi yopereka tanthauzo sinakwane. Carol Cleland, katswiri wa filosofi, amayerekeza ndi madzi. Anthu akale ankati madzi ndi chinthu chonyowetsa, choyera, chothetsa ludzu, ndipo ankasokonezeka ndi zinthu zina zooneka ngati madzi. Mkangano unatha atadziwa kuti madzi ndi haidrojeni ndi okosijeni. Popeza zamoyo zonse zimene tikudziwa ndi banja limodzi, tili ndi chitsanzo chimodzi chokha cha moyo. Sitingathe kusiyanitsa zimene moyo uliwonse uyenera kukhala nazo ndi zimene banja lathu linangotengera kwa kholo lake. Munthu amene waona mbuzi zokha sangadziwe ngati nyanga ndi mbali ya kukhala nyama. Mwa maganizo atatuwa, limeneli ndi losasangalatsa kwa wophunzira wofuna yankho la pamayeso, koma ndi lovuta kulitsutsa.

Pamalire: mavairasi

Vairasi yoyamba kudziwika inali ya fodya, ija yochititsa mawangamawanga pamasamba. Dmitri Ivanovsky mu 1892 anasefa madzi a masamba odwala m'sefa yotsekereza mabakiteriya onse, koma madziwo anadwalitsabe fodya wina. Martinus Beijerinck anabwereza zimenezi mu 1898 n'kunena kuti ichi ndi chinthu cha mtundu wina. Mu 1935 Wendell Stanley anaumitsa vairasiyo kukhala timibulu ngati ta mchere, tosungika m'botolo, koma todwalitsabe tikapakidwa patsamba.

Vairasi ndi majini okutidwa ndi puloteni. Ilibe selo, sipanga ATP, sipanga mapuloteni yokha. Ikalowa m'selo imalanda zida za seloyo kuti zipange mavairasi ena. Gulu loyamba lija limati si yamoyo. Gulu lachiwiri limakayika, chifukwa mavairasi ambiri amasinthika mofulumira kwambiri, ndipo n'chifukwa chake HIV imalimbanidwa ndi mankhwala angapo ophatikiza, osati amodzi. Mkanganowo unakula mu 2003 pamene kunadziwika Mimivirus, vairasi yaikulu ngati mabakiteriya ena ang'onoang'ono, yokhala ndi majini pafupifupi 1,000. Ena amati tisamayang'ane kanjere ka vairasi kali panja, koma selo logwidwa lija, limene lasanduka fakitale yake.

Kaya mkanganowo utha bwanji, kusiyana kwa maumbidwe kuli ndi phindu lake kuchipatala. Penicillin ndi amoxicillin amagwira ntchito polepheretsa bakiteriya kumanga khoma la selo lake. Maselo a munthu alibe khoma lotero, choncho savulala. Vairasi ya chimfine nayonso ilibe, choncho mankhwalawo saikhudza. Womwa amoxicillin pa chimfine amangochita kwa mabakiteriya a m'thupi mwake zimene chloroquine anachita kwa tizilombo ta malungo.

Pansi pa mavairasi palinso ma prion, amene Stanley Prusiner anawatcha dzina mu 1982. Amenewa ndi mapuloteni opindika molakwika amene amapinditsa anzawo, opanda jini ndi imodzi yomwe, ndipo ndi amene amayambitsa matenda a misala ya ng'ombe. Mbali inayo kuli mitochondria. Lynn Margulis ananena mu 1967 kuti kale anali mabakiteriya odziimira amene analowa m'selo lina n'kukhazikika. Ambiri anamukana, koma mitochondria ali ndi DNA yawoyawo yofanana ndi ya mabakiteriya, ndipo lero mfundoyi ili m'buku lililonse.

Chiyambi cha moyo

Pasteur anaonetsa kuti moyo sungobuka mumsuzi masiku ano. Sanayankhe za mmene selo loyamba linayambira. Dziko lili ndi zaka pafupifupi 4.5 biliyoni, ndipo miyala ya ku Pilbara, kumadzulo kwa Australia, ili ndi zizindikiro za tizilombo za zaka pafupifupi 3.5 biliyoni. Zizindikiro zakale kuposa apa zilipo, koma akatswiri amakanganirana ngati zinasiyidwadi ndi zamoyo.

Mu 1953 Stanley Miller, wophunzira wa Harold Urey ku Chicago, anasindikiza zotsatira za kuyesa kwake. Anadutsitsa magetsi onga mphezi m'botolo la madzi ndi mipweya wamba, ndipo munapangika zina mwa njerwa za mapuloteni. Njerwa zomwezo zinapezekanso m'mwala umene unagwa kuchokera kumwamba ku Murchison, ku Australia, mu 1969. Choncho njerwa sizivuta. Chovuta ndi nyumba. DNA imafuna mapuloteni kuti ikoperedwe, ndipo mapuloteni amafuna DNA kuti apangidwe. Thomas Cech ndi Sidney Altman atapeza m'zaka za m'ma 1980 kuti RNA, mbale wake wa DNA, imatha kusunga malangizo komanso kugwira ntchito ngati enzaimu, ambiri anayamba kuganiza kuti RNA ndiyo inayamba. Ena amati kayendedwe ka mphamvu ndi kamene kanayamba, mwina m'mabowo a pansi pa nyanja zamchere mmene mumatuluka madzi ofunda, majini n'kubwera pambuyo. Ndi mkangano wa magulu awiri aja, utangosamukira kuchiyambi. Palibe amene anaonetsa njira yonse kuchokera ku makemikolo kufika pa selo.

Chitsanzo chachiwiri cha moyo chingathandize, koma kuchifuna popanda tanthauzo n'kovuta. Mu 1976 zombo ziwiri za Viking zinatera pa Mars n'kuthira chakudya m'dothi lake. Kuyesa kumodzi kunatulutsa mpweya ngati kuti china chake chadya. Chida china sichinapeze umboni womveka wa makemikolo a zamoyo. Ofufuza ambiri anati dothilo lili ndi makemikolo olusa amene anaphwanya chakudyacho, ngakhale Gilbert Levin, amene anakonza kuyesako, anaumirira mpaka imfa yake kuti anapeza moyo.

Njira ina ndi kuyesa kumanga selo. Mu 2010 gulu la Craig Venter linalumikiza DNA yonse ya bakiteriya kuchokera ku makemikolo n'kuiika m'selo la bakiteriya wa mtundu wina, ndipo selolo linayamba kutsata malangizo atsopanowo n'kumagawikana. Nyuzipepala zinati apanga moyo, koma mpanda, maenzaimu ndi zida zowerengera DNA anazibwereka kwa selo limene linalipo kale. Mu 2016 gulu lomwelo linachotsa majini imodziimodzi kuti lione ochepetsetsa amene selo lingakhale nawo. Anatsala 473. Pa amenewo, 149 ofufuzawo sankadziwa ntchito yake panthawiyo, ngakhale kuti ambiri mwa iwo akachotsedwa selolo linkafa kapena kulephera kukula.